Gulugufe Wakuda wa ku Dambo

Pudasjärvi, Finland
Meyi 1994

Okondedwa Achemwali Helju,

Muli bwanji kumeneko ku Võru? Nanga chifuwa cha Amayi chikuwalola kugona? Ine ndilipo, ntchito yowerenga agulugufe m'dambo la boma ndinaiyamba.

Dambo lake si ngati athu aja. Ndi ndere zokhazokha pamwamba pa madzi akuda, ukaponda apa nthaka imagwedezeka mpaka uko. Timitengo ta paini ndi tokalamba koma tolekeza m'chiuno. Kuli zii, moti umamva mtima wako ukugunda.

Munati Amayi akufunsa mtundu wa gulugufe amene ndayamba kumuona chaka chino, monga amafunsira chisanu chikatha. Achemwali, anali wakuda, uja kwathu timati wa maliro. Anatuluka m'nkhungu masanasana n'kutera pa juzi imene Amayi anandilukira. Ndinangoti basi, Amayi atisiya.

Rauno, mkulu amene ndimayenda naye, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ife a ku Estonia tingathawe ndi chithunzithunzi chathu chomwe. Akuti kachilomboko kakungotsata thukuta la m'juzi, ndiyambe kuchapa, ulesi. Kupha kapena kupirikitsa chamoyo muno n'koletsedwa, ndiye ndinangoyenda naye paphewa.

Mawa lake gulugufeyo anabweranso. Rauno anati tisinthane zovala kuti mantha andithere, iye juzi yanga, ine jekete lake. Gulugufe uja anamuzungulira kamodzi, n'kumusiya, kudzatera padzanja langa. Rauno sanasekenso. Anangoti agulugufe otere sakhala pakati pa dambo, ndipo kuyambira tsikulo amandimanga chingwe m'chiuno tikachoka pamatabwa oyendapo amene anayala m'dambomu, kuopa kuti ndingamire.

Ndiye kuti gulugufeyu sanadzere Amayi ayi, anadzera ine. Mwina ndiyenera kukondwera, koma kunena zoona ndili ndi mantha. Kusiya ntchito sindingathe, ndalama za mankhwala a Amayi zikuchokera m'dambo momwemu.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze Amayi kuti anali wachikasu, wa chaka chabwino. Muwauze mukumwetulira, paja amawerenga nkhope. Kalatayi isafike m'manja mwawo.

Moni kwa alamu anga a Valdur, azakhali a Salme, ndi ana onse. Mawa tikulowa mbali ya kumpoto, kumene kulibe matabwa. Ndikulemba pano gulugufe uja ali pazenera, kunja, mapiko atatseka.

Tsalani bwino,
Ndine mlongo wanu,
Endel