Kanyundo pa Boti la Amalume

Lolemba, 6 Meyi

Ndachitadi. Ndamuimbira foni katswiri woyeza maboti, abwera Lachinayi kudzaona boti limene ndikufuna kugula kwa amalume. Eni ake sakudziwa. Ndiyambira pati kuwauza? Munthu anandilera bambo atamwalira, n'kundigwiritsa chiwongolero koyamba m'boti lomweli, lero ndimubweretsere mlendo wodzafufuza ngati akundinamiza? Koma amake mwana anenetsa: "Muzikanyamulamo ana a eni ake. Popanda woyeza, ine ndiye toto."

Lachitatu, 8 Meyi

Ndapeza nzeru, yopusa yomwe. Ndikanena kwa amalume kuti woyezayo ndi mnzanga wa kuntchito wokonda maboti. Woyeza waseka pafoni. Akuti bodzalo ndi langa, ndikalisenze ndekha.

Lachinayi, 9 Meyi

Manyazi ake, mayo ine!

Tapeza boti lili pamitengo kuseri kwa nyumba, penti watsopano wabuluu, waliwali. Amalume atchena shati yawo yabwino ija. Anti, akazi awo, am'patsa "mnzanga" tiyi, kumufunsa za kuofesi kwathu, ine kumalumphira kuyankha asanatsegule pakamwa.

Kenako munthu watulutsa kanyundo m'chikwama, wayamba kugogoda botilo mbali zonse, khutu ali tcheru. Kho, kho, kho. Kufika kumbuyo, pokhala injini: bu, bu. Ngakhale ine ndamva kusiyana. Wabayapo ndi kachitsulo kosongoka, kalowa ngati mu buledi.

Amalume angoti, "Mnzako wa kuntchitoyu amayenda ndi nyundo akamakacheza?"

Ine maso pa nsapato.

Pobwerera woyeza wandiuza kuti thabwa lakumbuyo lawola mkati, tsiku lina injini idzathothoka nalo pakati pa madzi. Kukonzeka likonzeka, koma lisakhudze kaye madzi.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndawaimbira amalume, sakuyankha. Anti akuti chichokereni ife sanalankhule ndi munthu, angokhala kuseri.

Loweruka, 11 Meyi

Amake mwana akuti ndizithokoza, kanyundo kapulumutsa anthu. Ndikudziwa. Koma bwenzi nditangowauza amalume maso ndi maso. Ndawasandutsa wakuba pakhomo pawo pomwe, pamaso pa akazi awo, ine n'kumamwa tiyi wawo. Nkhalamba ija maso akuvuta, mwina kuwolako sanakuone n'komwe. Mtima ukundiwawa zedi. Mawa ndipita, andilalatire basi.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndawapeza kuseri atagwada, akupala penti. Kumbuyo konse kwa boti kuli mbee, thabwa lakuda bii, likuyoyoka lokha. Mawu opepesa ndinawakonza njira yonse, koma ndangoti "Malume," iwo andidula.

"Khala chete, mphwanga. Pentiyu ndinapaka ndine, pamalo pano kawiri. Chala changa chinalowapo kalekale."

Akuti ankadziuza kuti lipirira chaka chimodzi, ine ndidzakonza ndikapezako bwino. Polankhula osandiyang'ana.

"Ukanandiuza kuti ukubwera ndi woyeza, ndikanakukaniza. Ndipo iwe ukanandimvera."

Zoona, ndikanawamvera. Ndikanakwezamo anthu, mwana wanga yemwe.

Anti anasuzumira pazenera n'kubwereramo. Amalume apukuta m'maso ndi mkono, akuti ndi fumbi la penti. Kenako andiponyera chopalira china.

"Yambira mbali iyo. Tikamaliza umuitanenso mnzako wa kuntchito uja, abwere ndi kanyundo kake."