Maso Awo pa Uta Wake

Lolemba, 3 Malichi
Woimba vayolini yoyamba watsopano wayamba lero m'gulu lathu la oimba anayi. Kamtsikana, kamwana ka dzulodzuloli. Ine pa vayola, vayolini yokulirapo ija, amuna anga pa chelo, chivayolini choimba utakhala pansi, a Ndevu pa vayolini yachiwiri, tonse imvi mbuu. Dzanja lake lili bwino, ndisaname. N'zimene zandiwawa.

Lachinayi, 6 Malichi
Kuyeserera m'chipinda chathu chozizira chija. Amuna anga maso pa kamtsikana basi. Pagulu la anthu anayi palibe wotiimira kutsogolo ndi kandodo, timayang'anana, ndikudziwa. Koma kuyang'ana kwina kumapitirira ntchito. Zaka zonsezi akafuna kulowa m'nyimbo ankamvera mpweya wanga: ndikakoka, iwo alowa. Lero ndakoka mpweya ngati munthu wokwera phiri, iwo osacheuka n'komwe.

Loweruka, 8 Malichi
Ndawafunsa tikudya. Akuti, "Mayi, nsanje pa ukalamba uno?" N'kuseka. Ine osaseka. Ndabwereza funso akutsuka mbale, ndili kumbuyo kwawo. Zii. Mwano umenewo sanali nawo kale.

Lachitatu, 12 Malichi
Kamtsikana kakuti tisinthe mipando, chelo ikhale moyang'anizana nako. A Ndevu avomera. Amuna anga avomera msangamsanga ngati anapangana kale. Mpando wanga wakumapeto, womwe anthu amandionera, wapita. Andilowetsa pakati, chomwe ndikuona ndi khutu lawo lakumanja ndi tsitsi lofunika kumeta.
Ndili ndi nsanje, inde. Ndilembe, pepala silindiseka.

Lachisanu, 21 Malichi
Konsati mawa. Amuna anga ndawapeza m'khonde la holo, kamtsikana kakuwalankhula nkhope ndi nkhope, pang'onopang'ono, ngati kakudyetsa mwana. Atandiona, onse pakamwa tseke. A Ndevu akuti, "Mlamu, musamadzidye mtima." Ndiye kuti nawonso akudziwa kanthu.
Ikatha konsati ndituluka. M'gulu kapena m'nyumba, sindinasankhe.

Lamulungu, 23 Malichi
Anthu anadzaza, m'manja anaomba. Zilibe ntchito. Gawo lodekha lija limayamba ndi chelo ndi vayola zokha, mavayolini ali chete. Malo athu awiri, kuyambira tisanakwatirane. Ndinakoka mpweya, ndinalowa. Ndekha. Iwo uta woimbira chelo uli m'mwamba, kudikira. Kamtsikana kanagwedeza mutu pang'ono, ndiye analowa.
Ngakhale pamenepo! Ndinawerama pothokoza anthu mano ali gwa.

Lachiwiri, 25 Malichi
Kamtsikana ndakapeza kali kokha, kakutsekera vayolini m'bokosi. Ndinakonzekera mawu ambiri, ndangotulutsa atatu. Kandiyang'ana kodabwa. "Amayi, kodi sanakuuzeni? Khutu lawo lakumanja linasiya kumva, linalo likutsatira. Amawerenga uta wanga." Kakuti amuna anga anakauza tsiku loyamba lomwe, n'kukapempha kuti ine ndisamve, poti ndikadziwa ndiwaletsa kuimba.
Mbale zija. Mpweya uja.
Chisoni ndikumva, chachikulu. Koma nsanje siinachoke, yangosintha mpando. Bulangete limodzi zaka zonsezi, woyamba kuuzidwa n'kukhala mwana wa eni?

Tsiku lomwelo, madzulo
Ali pabalaza, akupaka utomoni pa uta, msana kuno. Ndaima pakhomo, ndawaitana dzina lija ndimawaitana tikakhala awiri. Kawiri. Akungopaka.
Ndizungulire tebulo, ndikaime pomwe angandione.