Ndamuona Mdzukulu pa Wayifayi ya ku Depoti

Lachisanu madzulo. Mtima wanga uli mbee.

Lero ndamuona mdzukulu wanga. Chichirireni ndi opaleshoni ku Joni masiku apitawa, mwana wanga Asiyatu amangonditumizira mawu akuti ali bwino. Ine sindimakhulupirira, poti mwana ameneyu ndi wobisa matenda kuyambira ali wamng'ono.

Ndinasiyira anzanga mpunga wanga pamsika n'kupita ku depoti, komwe kampani ya mafoni yaika wayifayi yaulere. Anthu anali atadzaza, aliyense foni m'mwamba. Ndikaimba pa vidiyo, nkhope ya Asiyatu imangouma, kukamwa kuli yasa, kenako n'kuduka. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandiuza kuti, "Dikirani azibambowa apite kukaswali, muona."

Zoonadi, atangoitana kumzikiti tinatsala ochepa, ndipo netiweki inayamba kuthamanga. Asiyatu anaoneka bwinobwino, woondako pang'ono koma akuseka, akuyenda yekha m'chipinda.

"Amayi, tamuonani munthu wanu," anatero akusendeza foni.

Kamtsikana konenepa, tsitsi bii, makutu ngati a malemu agogo ake aamuna. Katayasamula ndinamva ndi kamawu komwe. Ndinalira pagulu, mayi wa zitumbuwa uja akusuzumira paphewa panga n'kumalulutira ngati mdzukuluyo ndi wake.

Asiyatu ndi mwamuna wake akuti dzina ndipereke ine. Njira yonse yobwerera ndakhala ndikutchula mayina mokweza, anthu n'kumandicheukira. Onse akundionekera ochepa pa mwana ameneyu. Mwina la mayi anga, kapena...