Letesi wanga wavala chitenje cha malemu

Agogo,

Ndikuti Agogo poti ndi mmene mumadzitchulira, koma ndikukayika ngati mumandiposa zaka. Ine mano atsala anayi, ndipo awiri sayankhulana.

Nkhani ndi letesi. Akazi anga, malemu Ajira, ndiwo adayamba kumulima m'dimba lathu kwa Mponda, n'kumagulitsa kumalo ogona alendo. Ndinkawaseka kuti, "Ndiwo zanji zosaphika, ngati tikudyetsa mbuzi?" Iwo amvekere, "Khalani chete inu, mbuzi zake zimabwera pa galimoto."

Mbewu sankagula. Ankasiya letesi wina achite maluwa, n'kukutumulira njere m'chitini cha tiyi. Chimwalirireni zaka zinayi zapitazo, nane ndimatero. Kukayamba kutentha, timaubweya toyera ta njerezo timayandama dimba lonse, ine n'kumaona ngati Ajira adutsa akukupiza mpango wawo.

Koma chaka ndi chaka letesi akunka nafupika. Masamba ndi okwinyika, a mawanga obiriwira ndi achikasu, ndendende chitenje chimene Ajira adavala tsiku la ukwati wathu. Masana ndikasinza pansi pa mango ndimawalota akuyenda pakati pa mabedi, masamba onse akuwatembenukira. Ndapopera mankhwala, ndathira manyowa, osatheka. A Howard, ophikira alendo aja, adati, "Madala, letesi wamathothomathotho ndimupatsa ndani?" Pano wa a Enelesi, oyandikana nawo dimba, wayambanso mawanga, ndipo moni wawo wafupika ngati letesiyo.

Kodi ndi Ajira akundilonjera, kapena ndi matenda? Zonse ndiuzeni, koma zotaya chitini ayi.

U.L., kwa Mponda, Mangochi

Che U.L.,

Pepani, mawangawo si malonje. Mmene mwafotokozeramo, ndi kachilombo kamene kamabisala m'kati mwa njere. Mukakolola njere pa letesi wodwala, mwakololanso matenda, ndipo mwakhala mukuwafesa nokha ndi manja anu achikondiwo. Kupopera sikuchiza.

Nanga kwa a Enelesi matendawa afika bwanji? Tembenuzani tsamba muone kunsi. Tinsabwe tobiriwirato timayamwa kwanu, n'kukayamwanso kwawo. Malire a dimba tinsabweto sitiwadziwa.

Aitaneni alangizi a zaulimi adzaone ndi maso. Akatsimikiza, zulani letesi yense wa mawanga, mukwirire kutali ndi mabedi, osaponya pa manyowa. Palirani udzu wozungulira, umasunga nsabwe. Gulani mbewu ya m'paketi yomata m'sitolo yodalirika, osati yoyezera pa supuni kumsika, ndipo nazale muike mbali ina ya dimba. Nsabwe zikaoneka, madzi a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono amathandiza. Kenako pitani kwa a Enelesi muwauze zoona, nthabwala muzisiye panjira, muzulire limodzi. Mukazula nokha, nsabwe zidzakubwezerani katundu wanu.

Chitini musataye. Chitsekeni, muchiike pomwe mumachiona pomwa tiyi. Mukasowa timaubweya tija, siyani tsinde limodzi lathanzi lichite maluwa, muziliyang'ana posinza.

Koma ndakuonani kale, bambo inu. Tsiku lina mudzatsina njere pang'ono, "tiwiri tokha, pakona." Musayerekeze, ndipo musapatseko munthu. Mayi amene ankadziwa kuti mbuzi zimabwera pa galimoto sakanalola kuti zibwerere ndi njala chifukwa cha chitenje.

Agogo