Asajeni ndi Nyenyezi ya Mwana Wawo

Lolemba, 9 Juni
Mwana wathu wachisamba waimba foni. Maphunziro a usilikali atha, akuti tsopano ndi lefutenanti, ndipo amutumiza kukampu konkuno. Ndinalulutira mpaka poto anapserera.

Ndafunsa bambo ake kuti pakati pa lefutenanti ndi sajeni, wamkulu ndani. Iwo ndi sajeni kuyambira mwanayu ali ku pulayimale. Akuti sajeni ali ndi mizere itatu pamkono, lefutenanti nyenyezi paphewa. Ndati ndiye wamkulu ndinu, zitatu n'zambiri. Akuti phewa lili pamwamba pa mkono. Atuluka.

Lachiwiri, 10 Juni
Bambo ake sanadye.

Lachitatu, 11 Juni
Pampopi, akazi a kopolo wa nyumba yachiwiriyi andiphunzitsa zaulere. Akuti kopolo amakalipira anthu ochepa, sajeni amakalipira ambiri, lefutenanti sakalipa, amangouza sajeni kuti akalipe. Kenako: "Ndiye amuna anu azimupatsa sawatcha mwana wobereka okha?" Kuseka mpaka ndowa kusefukira.

Ndawafunsa Asajeni ngati n'zoona. Akuti sawatcha amapatsa nyenyezi, osati munthu. Ndati nyenyeziyo ikhala paphewa pa yani? Akweza wailesi.

Lachinayi, 12 Juni
Mawa maofesala atsopano awalandira pa perete. Asajeni asinthana ntchito ndi mnzawo, akakhala pageti. Akuti pageti pamafunika munthu wodziwa. Pamafunika wothawa, ndikutero ine.

Mwana waimbanso: "Amayi, bambo akwiya nane?" Ndati ayi, ndi mano akuwapweteka. Akuti ngati zikuwavuta apempha amusamutse. Mwana sanagonepo m'nyumba muno chaka chino. Ndawauza bambo ake ndendende mmene wanenera. Anangopitiriza kupukuta jombo zopukutapukuta kale.

Lachisanu, 13 Juni
Chimene Asajeni anaiwala n'chakuti kampu ili ndi geti limodzi.

Ndinaima pafupi ndi kanyumba ka alonda, diresi langa la kutchalitchi. Galimoto inaima, maofesala anatsika kuti alowe wapansi. Wathu anali wachitatu, kuonda ngati samadya. Bambo ake anamenya jombo pansi, fumbi kobo, mkono mmwamba, mawu aja amadzutsa nawo kampu yonse: "Takulandirani, bwana!"

Mwana anabweza sawatcha. Anati: "Zikomo, Sajeni. Pitirizani ntchito."

Mkono wa Asajeni unakhalabe mmwamba mpaka mwana anakhota pa sitolo. Msilikali wina anachita kuwanong'oneza kuti apita. Maso ofiira akuti ndi fumbi.

Loweruka, 14 Juni
Mwana wagona kuno, m'chipinda chake chakale, miyendo kutulukira pa bedi.

Mmawa ndapeza Asajeni pabalaza, ali ndi vesiti yokha, akusita yunifolomu ya mwana. Ndati bweretsani ndisite. Akuti ine ndingawotche nyenyezi.

Ndayamba kutsuka mbale. Asuzumira kukhitchini, simbi ili m'manja: "Pang'onopang'ono mbalezo, mayi. Alefutenanti akugona."