Nyimbo Yanu Yatuluka ndi Dzina la Wina

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndine Damiano wanu. Kuno chisanu chayamba msanga, m'mawa udzu ukumachita kuyera. Kachewere wa kudimba lanu tidakumba, adabereka ndithu, koma nyemba zidaola ndi mvula yomaliza ija. Mpongozi wanu Anaphiri adachira bwinobwino mwezi wathawu, ndi mwana wamkazi. Mawu ndi anu enieni, akalira mbuzi m'khola zimayankha. Mdzukulu wanu wamkulu Rozina naye wayamba sikola.

Koma chimene ndakhalira pansi si kachewere ayi. Ndili ndi nkhani pamtima, ndipo woyenera kuimva ndinu.

Ntchito ndidakali pomwe mudandisiya, kunyumba yosindikizira ya pamishoni, kutola zilembo zamtovu chimodzichimodzi. Chaka chino apadiri, ansembe athu aja, adayambitsa kabuku ka nyimbo kotuluka pakapita miyezi ingapo, eni ake amati levisita, kopita kwa aziprofesoli, aphunzitsi a mishoni, kuyambira ku Lifidzi mpaka ku Kalomwe. Tsamba loyamba, lonena zamkatimu, ndimayala ndine, ndipo lili ndi mwambo wake kuposa ukwati. Pamwamba pamakhala mngelo woliza lipenga. Kenako nyimbo za Chilatini m'zilembo zonenepa, pansi pake za Chipwitikizi, zathu za Chinyanja kumchira, m'zilembo zowonda. Mutu wa nyimbo umakhala kumanzere, timadontho n'kundondozana ngati nyerere mpaka pa nambala ya tsamba kumanja. Pansi pa mutu uliwonse pamabwera dzina la wopeka. Mzere umenewu apadiri salola kuti ukhale wopanda kanthu, ati tsamba limaoneka ngati m'kamwa moguluka dzino.

Mukuikumbukira nyimbo ija mudapeka pamtondo chaka chomwe abambo adatengedwa kupita ku chibalo osabwerako? Pamaliro anu amayi a m'mudzi adaiimba mpaka kumanda. Aprofesoli Bonifasiyo, otsogolera oimba m'tchalitchi, adalipo, chipewa m'manja, khutu lili tcheru. Ndi omwe aja adakukanani m'gulu lawo, ati mawu anu ngapamtondo, osayenera pamaso pa Mulungu. Inu mudangoseka, n'kuti, “Ukaipa dziwa nyimbo, nanga iwo adziwa iti?” Tsono adziwa yanu. Adavula mawu anu olira mwamuna n'kuvekapo otamanda Namwali Maria, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe nkanu komwe, ngakhale paja munkapumira kuti munsi utsike.

Pepala lake litafika pa meza yanga yoyalirapo zilembo ndidaiimba chamumtima. Pansi pa mutu padali dzina la Bonifasiyo, lathunthu, ndi la bambo wake lomwe. Sindidafunse munthu. Ndidatola zilembo n'kuyala Nangondo, ndidadinda tsamba loyesera, n'kupita nalo kwa apadiri monga ndimachitira. Amayi, mfunda wanu udakhala bwino pa pepala, ndidauyang'ana njira yonse.

Apadiri adatenga lapizi yofiira, pensulo yawo yokonzera zolakwa. “Nangondo ndani? M'buku la ubatizo mulibe. Ili si dzina, ndi mtundu.” Ndidafotokoza. Ndidati kwathu mayi wamkulu satchulidwa dzina la paubwana, ulemu wake ndi mfunda, ndipo mutafunsa kuyambira pano mpaka ku Vila aliyense akulozerani khomo lawo. Iwo adati mwini nyimbo ndi amene waikhazika pa mizere isanu ndi timitu take takuda. Yapamtondo ilibe mwini, ili ngati bowa, wotola ndiye wake. Adakudulani ndi mzere umodzi.

Aprofesoli adali pomwepo akupukuta magalasi, opanda ndi manyazi omwe. Adati, “Damiano, uzithokoza. Nyimbo ya amayi ako ndaisambitsa, yalowa m'tchalitchi.” Munthu woti adadya nyemba za pamaliro anu, n'kupemphanso zoonjezera. Koma paja munkati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndidaganiza za khanda lili kunyumba. Ndidamasula dzina lanu, zilembo n'kubwerera m'timabokosi take, ndipo zina mwa zomwezo ndidayalira dzina la Bonifasiyo. Tsiku limenelo ndidasamba m'manja kangapo, koma mtovu udangokhalabe kununkha.

Ndidadzitonthoza kuti ndi pepala chabe. Amayi a m'mudzi sawerenga, mwini nyimbo akumudziwa. Koma dzulo Rozina wabwera kuchokera ku sikola akuiimba, mokoma zedi, akupumira pomwe munkapumira inu. Ndidamufunsa, “Imeneyo nja yani, mwanawe?” Iye adati, “Nja aprofesoli Bonifasiyo. Atisonyeza pa tsamba loyamba, dzina lawo lilipo.” Nditati nja agogo ako, adandiyang'ana ngati ndikumunamiza. “Nanga bwanji sadalembedwe?” Ameneyo ndi mwana yemwe munkasinja naye ali kumsana kwanu, Amayi. Koma tsamba limene akukhulupiriralo adayala ndi bambo wake.

Lero afika mapepala a levisita yotsatira. Muli inanso yanu, ija yogonekera mwana, aisandutsa ya kubadwa kwa Yesu. Pansi pake dzina ndi lomwe lija, ndipo ulendo uno apempha kuti zilembo zake zikuleko pang'ono. Mawa ndikayala Nangondo kachiwiri. Apadiri akakatenganso lapizi yofiira ndikawasiyira mtovu wawo ayale okha. Anaphiri ndawauza. Akuyamwitsa, adati khasu lanu lidakali kuseri kwa chitseko, mpini wake ngwabwinobwino. Mantha ndili nawo, sindikubisirani, chifukwa dimba lokha kulera ana awiri si masewera.

Gonani bwino, ndipo abambo ngati mudawapeza muwapatse moni. Ndikulonjeza kuti Rozina ndi mng'ono wakeyu nyimbo zanu adzaziphunzira ndi mawu ake enieni, pamtondo pomwe mudazipekera, ndipo zala zangazi sizidzayalanso dzina la munthu wina pansi pa nyimbo yanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Damiano