Pilo wa thonje la m'basi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangwe tilipo, koma amayi sakudya.

Mukukumbuka basi yakale ija tikuisandutsa golosale? Amisiri anachotsa thonje lachikasu m'makoma mwake atavala magolovesi ndi zotseka pamphuno. Anati ndi lagalasi, likatayidwe. Amayi sanamve zimenezo. Analitola n'kusokera ababa pilo, poti anali chigonere. Sabata yathunthu ababa ankakanda khosi n'kumatsokomola, koma ankangoti, "Pilo wabwino uyu, mayi." Tinazindikira za piloyo titaika kale maliro awo.

Adokotala akuti ababa anapita ndi vuto la mtima lomwe lija, koma amayi akungoti, "Ndinawapha ndine."

Chonde aimbireni foni, inuyo amakumverani. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati